Kiyi wamkulu wa makompyuta a pasukulu akusungidwa ndi yani?

Sukulu ikalandira makompyuta, nkhawa yoyamba ya aliyense imakhala ya mbala. Komiti ya sukulu imakhala pansi, makolo amasonkha kangachepe, m'mazenera mumalowa zitsulo, chitseko chimalandira maloko awiri, ndipo penapake amalemba ntchito mlonda. Zonsezi n'zoyenera. Komabe kompyuta iliyonse ili ndi khomo lina la m'kati losaoneka ndi maso, ndipo kawirikawiri limangokhala losatseka usana ndi usiku. Wolowera pakhomo limeneli sathyola loko ndipo satuluka ndi katundu pamutu. Kukacha makina onse amapezeka ali m'malo mwake, koma mayeso a teremu atawerengedwa kale, malikisi atasinthidwa, kapena kompyuta ikukana kulandira ngakhale mphunzitsi wake yemwe.

Nkhaniyi ikutikhudza tonse chifukwa makina amenewa akunka nachuluka m'madera mwathu. Bungwe la MACRA, kudzera m'thumba la Universal Service Fund, lakhala likukhazikitsa zipinda za makompyuta m'sukulu za sekondale zoyendera. Mabungwe ena omwe si aboma amabweretsa makompyuta ogwirapo kale ntchito kunja, ndipo pena ndi makolo eniake amene amagula. Phunziro la kompyuta lilinso m'gulu la maphunziro amene bungwe la MANEB limayesa pa mayeso a MSCE, ndipo mwana sangalikhoze pongowerenga m'buku, ayenera kukhala pamakina. Chipinda chikafa, oyamba kulira ndi ana a Folomu 4.

Adimini ndi yani?

Amene ali pagulu la WhatsApp akuwadziwa kale mawu akuti adimini. Mamembala onse amalemba ndi kuwerenga mauthenga, koma adimini ndiye amatha kuchotsa munthu, kukweza mnzake kuti akhalenso adimini, kapena kutseka gulu kuti wina asalembemo. Kompyuta nayo imayenda motero. Pamakina a Windows, omwe ndi ofala m'sukulu zathu, munthu amalowa kudzera pa akaunti, ndipo maakaunti alipo a mitundu iwiri. Akaunti wamba, imene pamakinapo imalembedwa kuti Standard, imalola munthu kulemba, kusindikiza, kutsegula mapulogalamu amene alimo kale ndi kusunga ntchito yake. Mwana wophunzira safuna zoposa apa. Akaunti ina, yolembedwa kuti Administrator, ndiyo ya mwini nyumba. Woigwira amatha kuika ndi kuchotsa mapulogalamu, kuzimitsa chitetezo cholimbana ndi vairasi, kutsegula mafayilo a anthu ena onse, kusintha mawu achinsinsi a anzake, ngakhalenso kudzipangira akaunti ina yoti azilowera mtsogolo.

Kusiyana kwa maakaunti awiriwa kumaonekera bwino munthu akafuna kusintha chinthu chachikulu. Windows imatulutsa kabokosi kofunsa ngati akuvomereza. Ngati ali pa akaunti ya adimini, amangodina kuti inde, basi zatheka. Ngati ali pa akaunti wamba, kabokosiko kamapempha mawu achinsinsi a adimini, ndipo wopanda mawuwo amathera pomwepo. Pamakina a Linux, monga Ubuntu, maina ake ndi ena koma mfundo yake ndi yomweyo.

Vuto limayamba tsiku lomwe makina akukhazikitsidwa. Akaunti yoyamba imene imapangidwa poika Windows imakhala ya adimini. Katswiri amene ali ndi makompyuta makumi awiri oti amalize dzuwa lisanalowe amatha kungoisiya yomweyo, n'kuipatsa dzina la sukulu, mwinanso osaikapo mawu achinsinsi. Kuchokera tsiku limenelo mwana aliyense wokhala pampandowo ndi adimini, ngakhale iye mwini sakudziwa. Palibe amene wathyola kanthu. Mphamvuzo zangoperekedwa kwa aliyense.

Wina anganene kuti nanga mwana akaikamo masewera kapena nyimbo, chaipa n'chiyani? Masewera paokha si nkhani yaikulu. Koma mapulogalamu otengedwa mwachinyengo pa intaneti kapena pafulashi ya mnzake nthawi zambiri amabwera ndi alendo osaitanidwa, ndipo pulogalamu imatenga mphamvu za munthu amene waitsegula. Vairasi wolowa kudzera pa akaunti wamba kawirikawiri amathera pa mafayilo a munthu yekhayo. Wolowa kudzera pa akaunti ya adimini amafika pamizu ya makina. Aliponso mapulogalamu amene amalemba mobisa chilichonse chimene munthu akutayipa. Wina akaika pulogalamu yotere, mphunzitsi amene adzakhale pamakinawo masana kuti aone imelo yake kapena akaunti yake ya kubanki wapereka zinsinsi zake zonse osadziwa.

Choopsa kwambiri ndi zimene sukulu imasunga zokhudza ana athu: malikisi, mndandanda wa amene sadalipire fizi, maina a ana amasiye olandira thandizo, makalata okhudza mwana wodwala kapena mtsikana amene wabwerera kusukulu atabereka. Kompyuta yowonongeka imakonzeka, koma nkhani ya mwana ikangofika pamafoni a anthu m'mudzi, madzi akatayika saoleka. Malamulo a dziko lino sakhala chete pa zimenezi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta kapena kusintha zosungidwamo popanda chilolezo, ndipo wopezeka wolakwa atha kulipitsidwa chindapusa kapena kupita kundende. Lamulo la Data Protection Act la mu 2024 limapereka udindo kwa aliyense wosunga mbiri za anthu kuti aziteteze. Sukulu nayo ili m'gulu limeneli.

Mmene kiyi amapulumukira

Ngakhale pamene maakaunti adagawidwa bwino, mawu achinsinsi a adimini ali ndi chizolowezi choyenda. Mphunzitsi ali pakati pophunzitsa, makina amodzi apempha mawuwo, iye n'kuwatchula mokweza kuti mwana atayipe yekha. Wina amawalemba pakapepala n'kumata kunsi kwa kiyibodi. Wina amasankha mawu amene mwana aliyense angaganize: dzina la sukulu, chaka chimene tili, dzina la timu ya mpira imene aphunzitsiwo amaikonda, kapena 1234. Ana amaona zala za mphunzitsi mwatcheru kuposa mmene amaonera pabolodi. Ndipo ngati mawu omwewo ndi amene ali pamakina onse, kuphatikizapo a mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, mwana mmodzi akawadziwa ndiye kuti sukulu yonse yatseguka.

Mawu achinsinsi olimba safunika kukhala ovuta kukumbukira. Chachikulu ndi kutalika. Mawu anayi kapena asanu osagwirizana, mwachitsanzo dzina la mtengo, la nsomba, la chida cha kumunda ndi nambala ina pakati, ndi ovuta kuwaganizira kusiyana ndi liwu limodzi lalifupi lokhala ndi zizindikiro zachilendo. Makina a mu ofesi akhale ndi mawu akeake, osiyana ndi a m'chipinda cha ana. Kunena zoona, mayeso ndi malikisi sayenera n'komwe kulembedwa kapena kusungidwa pakompyuta imene ana amakhalapo.

Pali chizolowezi china chimene aphunzitsi ambiri sachikonda poyamba. Ngakhale mphunzitsi woyang'anira chipinda asamagwire ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ali pa akaunti ya adimini. Akhale ndi akaunti wamba yolembera ndi kuphunzitsira, ndipo ya adimini aziitsegula pokhapokha pakafunika kukonza kanthu. Akaitanidwa panja, ngakhale kwa mphindi ziwiri, atseke makina podina batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows pamodzi ndi L. Mphindi ziwiri n'zokwanira kuti munthu wodziwa adzipangire akaunti yake.

Njira ina sidutsa pa mawu achinsinsi n'komwe, ndipo ndi imene makomiti ambiri saidziwa. Kompyuta ikamayaka, isanafike pa Windows, imayamba yadzuka ndi kapulogalamu kakang'ono kokhala m'makina mwenimwenimo, kotchedwa BIOS, kapena UEFI pamakina atsopano. Kapulogalamu kameneka ndi kamene kamasankha koyambira: pa disiki ya m'kati kapena pafulashi yolumikizidwa. Ngati makina aloledwa kuyambira pafulashi, munthu atha kubwera ndi dongosolo lake m'thumba, n'kuyatsa kompyuta osadutsa pa Windows ya sukulu, kenaka n'kuwerenga mafayilo kapena kufafaniza mawu achinsinsi a adimini. Zimenezi si zamatsenga, ndipo mwana wachidwi wokhala ndi foni atha kuziphunzira Loweruka limodzi. Mankhwala ake ndi kuuza BIOS kuti iziyambira pa disiki ya m'kati yokha, kenaka n'kuitseka ndi mawu achinsinsi akeake. Koma pamakina ambiri apatebulo, munthu akatsegula bokosi n'kuchotsa kabatire kozungulira ka m'kati, BIOS imaiwala zonse. N'chifukwa chake mabokosi ambiri ali ndi kabowo kumbuyo koloweka loko waung'ono. Loko wa pagolosale, wonga wotsekera sutikesi ya mwana wogonera kusukulu, amagwira ntchito yaikulu pamenepa.

Pa kompyuta ya mu ofesi, imene imasunga mbiri za ana, m'pofunika kuonjezera chitetezo chosokoneza zonse zili pa disiki kuti wosakhala ndi kiyi asathe kuziwerenga ngakhale ataizula disikiyo. Mu Windows ya mtundu wa Pro chitetezochi chimatchedwa BitLocker. Chimapereka nambala yopulumutsira ya manambala 48, ndipo nambalayo ikatayika pa tsiku limene makina aifuna, zonse zili m'katimo zapita. Osachiyatsa musanakonze poisunga.

Tisaiwale kabokosi kogawa intaneti, kumene kalipo. Nako kali ndi adimini wake, ndipo ambiri amabwera kuchokera kufakitale ndi mawu achinsinsi odziwika kale kapena olembedwa pansi pa kabokosi komweko. Akapanda kusinthidwa, bandulo ya sukulu imathera m'mafoni a anthu ongodutsa. Palinso nkhani ya ukalamba wa makina. Kampani ya Microsoft idasiya kutumiza zigamba zotsekera mipata ya chitetezo mu Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo thandizo lanthawi zonse la Windows 10 idaliikira malire a pa 14 Okutobala 2025. Makina akale otere angathe kuphunzitsirabe ana kutayipa ndi kuwerengetsa, koma si oyenera kusungiramo zinsinsi, makamaka ngati ali pa intaneti.

Kutseka osadzitsekera kunja

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni ya komiti, ndipo sifuna kuti munthu akhale katswiri wa kompyuta. Sukulu ikamva za zoopsa zonsezi, imatha kuthawira mbali ina: mawu achinsinsi n'kukhala m'mutu mwa mphunzitsi mmodzi yekha. Zimayenda bwino mpaka tsiku limene mphunzitsiyo wasamutsidwa, wapita kukapitiriza maphunziro, wayambana ndi akuluakulu, kapena watisiya. Makina abwinobwino amasanduka mitengo. Palibe angaike pulogalamu yofunika pa mayeso, palibe angalumikize makina osindikizira atsopano, ndipo sukulu imalipira katswiri kuti afafanize zonse n'kuyambiranso. Chipinda chotsekeredwa eni ake n'chakufa chimodzimodzi ndi chimene chaonongedwa ndi vairasi.

Kiyi wa nkhokwe sapatsidwa kwa mudzi wonse, komanso samezedwa ndi munthu mmodzi. M'sukulu zathu timadziwa kale kusamala buku la katundu, chidindo cha sukulu ndi siginecha za kubanki. Mawu achinsinsi a adimini alowe m'gulu lomwelo. Aphunzitsi awiri, osapitirira apo, akhale ndi mphamvu za adimini, aliyense pa akaunti ya dzina lake, kuti pakachitika kanthu zidziwike kuti adalowa ndani, pakuti Windows imasunga mbiri ya amene alowa ndi nthawi yake. Kenaka mawu achinsinsi a akaunti yapadera yosungira, a BIOS, a kabokosi ka intaneti ndi nambala ya BitLocker zilembedwe papepala, ziikidwe mu envelopu yomata, mphunzitsi wamkulu ndi wapampando wa komiti asayine pomatapo, ndipo isungidwe mu kabati yokhoma. Envelopu ikatsegulidwa, chifukwa chake chilembedwe m'buku, mawu asinthidwe, ina imatidwe. Ena amadabwa kumva kuti mawu achinsinsi alembedwe papepala, pamene tangodzudzula kapepala ka kunsi kwa kiyibodi. Kusiyana kwake ndi kwakuti envelopu yosainidwa imaulula yokha ikakhudzidwa.

Mphunzitsi woyang'anira chipinda akamasamuka, kupereka mawu achinsinsi kukhale mbali ya mwambo wosiyirana ntchito, monga amachitira ndi makiyi a chitseko ndi mabuku. Wolowa m'malo ayese mawuwo mnzakeyo ali pomwepo, awasinthe tsiku lomwelo, ndipo akaunti ya wochokayo itsekedwe. Uku si kumukayikira. Kumamuteteza iye yemwe, chifukwa chikadzasowa china chake miyezi itatu kutsogolo, dzina lake silidzatchulidwa.

Chimodzimodzi ndi akatswiri obwera kudzakonza makina. Ambiri ndi anthu okhulupirika, ndipo sukulu singayende popanda iwo. Koma katswiri amakonda kudzisiyira khomo lolowera kuti ulendo wina asadzavutike, kaya akaunti yake ya adimini kapena pulogalamu yomuthandiza kuyendetsa makina ali kutali, monga AnyDesk kapena TeamViewer. Agwire ntchito mphunzitsi ali pambali pake, alembe m'buku zimene wachita, ndipo akachoka mawu amene adawagwiritsa ntchito asinthidwe. Ngati pulogalamu yoyendetsera makina kutali ikufunikadi, sukulu idziwe kuti ilipo ndipo iziyatsidwa pa nthawi yogwirizana.

Membala wa komiti kapena khansala woyendera sukulu ali ndi njira yapafupi yodziwira mmene zinthu zilili. Alowe m'chipindamo nthawi ya phunziro, apemphe mwana aliyense kuti ayese kusintha tsiku ndi nthawi pakompyuta imene wakhalapo. Makina akakana kapena akapempha mawu achinsinsi, ndiye kuti anawo ali pa akaunti wamba. Akalola popanda funso, ndiye kuti aliyense m'chipindamo ndi adimini. Atatero ayang'ane kumbuyo kwa mabokosi ngati kuli maloko, afunse kuti ali ndi mphamvu za adimini ndani ndi ndani, mawu adasinthidwa liti komaliza, ndipo apemphe kuona envelopu ija, osaitsegula. Mafunso amenewa akhoza kufunsidwa pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi teremu iliyonse, monga momwe timafunsira za ndalama za chitukuko cha sukulu.

Nanga mwana akagwidwa atalowa pamene sayenera? Apa m'pofunika kusiyanitsa. Amene wasintha malikisi, waba mayeso kapena wafalitsa zinsinsi za mnzake walakwa, ndipo malamulo a sukulu agwire ntchito, makolo ake adziwitsidwe. Koma ana ambiri amene amayesa makomo amenewa amachita chifukwa cha chidwi, ndipo kawirikawiri ndi omwewo amene ali ndi mutu wa phunziroli. Kungomukwapula ndi mawu n'kumuletsa kulowa m'chipinda ndi kutaya katswiri wa mawa. N'kwanzeru kupatula kompyuta imodzi kapena ziwiri zakale, zopanda chinsinsi chilichonse ndiponso zosalumikizidwa ndi zinzake, kuti kalabu ya kompyuta iziphwasula, kuikamo Linux, kuononga ndi kukonzanso mphunzitsi akuona. Ana aziuzidwanso poyera, kuyambira Folomu 1, kuti malire ali pati ndiponso kuti lamulo la dziko likuti chiyani. Mwana amene wapeza mpata n'kukanena kwa aphunzitsi ayamikiridwe.

Chovuta kwambiri ndi pamene wogwiritsa ntchito mphamvu molakwika ndi wamkulu: mphunzitsi amene wasandutsa makina a sukulu malo okopera mafilimu ogulitsa, kapena wachibale wa wina wa m'komiti amene amapatsidwa mawu achinsinsi kuti azisindikiza za bizinesi yake madzulo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo anthu amangong'ung'udza. Buku lolembamo ndi maakaunti a maina a anthu zimathandiza pamenepa, popeza nkhani imachoka pa mphekesera n'kufika pa zolembedwa, zimene komiti ingapite nazo kwa mphunzitsi wamkulu kapena ku ofesi ya zamaphunziro.

Mtengo wa zonsezi ndi wochepa poyerekeza ndi mtengo wa kompyuta imodzi: maloko ang'onoang'ono, kope limodzi, maenvelopu, ndi tsiku limodzi kapena awiri a katswiri wogawa maakaunti ndi kutseka BIOS. Ndalama zotere zikhoza kulowa mu ndondomeko ya chitukuko cha sukulu, ndipo kumene zavuta nkhaniyi ingadzere ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya dera kuti ifike kukhonsolo.

Kwa sukulu zimene zikuyembekezera makina atsopano, nthawi yabwino ndi tsiku lolandira lomwelo. Tsiku limeneli limadzaza ndi zolankhula, magule ndi zithunzi, ndipo funso la mawu achinsinsi limaiwalika mpaka galimoto ya alendo itapita. Mabungwe ena amasunga okha mphamvu za adimini chifukwa ndi iwo amene adzakonze makinawo. Ngati ndi choncho, zilembedwe mu mgwirizano, pamodzi ndi nambala yoimbira zikavuta ndiponso tsiku limene mphamvuzo zidzaperekedwe kwa sukulu ntchito ya bungwelo ikadzatha. Ngati makina akuperekedwa kwathunthu, wapampando asasayine chikalata cholandirira mpaka mphunzitsi atalowa yekha pa akaunti ya adimini pa kompyuta iliyonse, ataona mndandanda wa maakaunti amene alimo, ndiponso atasintha mawu achinsinsi alendowo asananyamuke.